Zitini za aAnjelina

Theresa anali atawauziratu bambo ake pafoni kuti atenge zovala, mabuku a mapemphero ndi mpando wawo wandalema basi. Nyumba yake ya ku Golomoti ndi yalendi, ana awiri ali momwemo, matumba a mpunga wa ku Bwanje ali momwemo, bambo a anawo ali ku Joni. Malo a zinthu zina akanachokera kuti? Koma atafika ku Mua ndi kalole ka Mabvuto anapeza aBartholomeo atakhala pakhonde, chipewa chili kumutu, mphaka ali m'katoni pamiyendo pawo, zitini za maluwa zitandanda pabwalo ngati ana a sukulu pa asembule.

"Ababa, izi zikupita kuti?"

"Kumene ndikupita ine."

"Ndinati chiyani pafoni paja?"

"Unati nditenge zanga. Izi ndi za mayi ako. Ukawafunse eni akewo."

Amayi ake, aAnjelina, adagona kumanda a pamishoni chaka chathacho, mvula isanagwe. Kuyambira pamenepo aphunzitsi opumawo ankakhala awiri ndi mphaka wachikasu dzina lake Dzungu, mpaka mvula ya mu Febuluwale inagwetsa khoma la khitchini, iwonso n'kuterereka pamatope n'kubinya bondo. Apo Theresa sanafunsenso maganizo a munthu. Anangoti mukubwera kwathu.

Tsono dzuwa linali litakwera, Mabvuto akuliza hutala, ndipo kukangana ndi munthu amene adaphunzitsa Sitandade 8 moyo wake wonse n'kutaya malovu. Theresa anawakweza bambo ake kutsogolo pamodzi ndi katoni yawo, n'kuyamba kuponya zitini kumbuyo. Zina zinali ndi mawaya aatali opachikira, ndipo mawayawo ankakolana, kukola nsalu yake, kukola miyendo ya mpando. Anabwereka pulayazi kwa Mabvuto n'kuwadula onse, thyo, thyo, thyo, n'kuwataya m'dzenje la zinyalala. Ndowa yakale imene munali kakombo ndiyo anaikweza pomalizira, chifukwa aBartholomeo anatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti imeneyo isatsamirane ndi kanthu.

Ku Golomoti anaziika pakhonde. Sizinathe tsiku. Mbuzi za pamsika sizidziwa kuti khomo ili ndi la yani, ndipo madzulo omwewo Theresa anapeza bambo ake akutsimphina pabwalo, ndodo ili m'mwamba, akutukwana mbuzi m'Chingerezi cha kale. Chitini chimodzi chinali chitatsala ndi dothi lokha. Anawakhazika pansi, n'kulowetsa zitini zonse pabalaza, kuzindandika pansi m'mbali mwa khoma. Ana ankazilumpha popita kusukulu. Iye ankapunthwa nazo m'mawa uliwonse potulutsa njinga yake.

Za mphakayo sanadandaule. Makoswe anali atayamba kale kuboola matumba a mpunga, ndipo Dzungu atangozolowera nyumba, phokoso la kudenga linatha. Usana ankagona pamapazi pa aBartholomeo, iwo n'kumamuwerengera nyuzipepala yakale ngati akumva.

Lachitatu la sabata yotsogozana ndi Lamulungu la Kanjedza, Theresa anachokera kusikelo kumidzi ya kunsi, kumene anakhala m'mawa wonse akupachika ana a eni pa sikelo pamtengo wa mango ndi kukangana ndi amayi oiwala makadi. Thukuta linali litamumata yunifolomu kumsana. Atatsegula chitseko anaona bambo ake atagwada pasimenti ndi bondo lobinya lomwelo.

"Akupita, Theresa," anatero osatembenuka. "Akutsatira mayi ako."

Dzungu anali atabisala pansi pa tebulo. Dovu linkachucha m'kamwa mwake ngati ulusi, akudzikanda kukamwa ndi dzanja, akupukusa mutu, kulira kwake kosamveka bwino. Theresa sanafunse zambiri. Anayang'ana m'mbali mwa khoma n'kuona duwa lija la masamba akuluakulu a mawanga oyera, tsamba limodzi litang'ambika, mano a mphaka akuoneka pa phesi.

"Gwirani thaulo ili. Ayi, osamusisita, mukulungeni. Manja alowe m'kati."

Anatenga sirinji yopanda singano m'chikwama chake cha ntchito n'kuyamba kumutsuka m'kamwa ndi madzi ozizira, chammbali kuti asatsamwe. Mphakayo anatulutsa dzanja limodzi n'kumukala pamkono mpaka magazi. Anapitiriza. Kenako anasungunula mkaka waufa wa ana m'kambale. Poyamba Dzungu anaukana, koma dzuwa litapendeka ananyambita pang'ono, n'kukagona kuseri kwa matumba, milomo ili yotupa, akupuma bwinobwino.

Apo ndiye mkwiyo unamupeza Theresa.

"Mawa zonsezi zikupita kudzala. Zonse. Ndatopa nazo."

"Ukataya maluwa a mayi ako unditayire kumodzi."

"Chabwino. Ndiye mphakayo apite. Alipo anthu ku Mtakataka akulira ndi makoswe."

"Dzungu sapita kwa munthu."

"Ababa, musankhe chimodzi. Ine sindingamachoke kuntchito kudzatsuka mphaka m'kamwa ngati ndilibe ana."

ABartholomeo anadzuka ndi ndodo yawo. Analowa kuchipinda, ndipo atatuluka anali atavala jekete ndi chipewa, chikwama chawo chili m'manja. Anakhala pampando wandalema n'kuika chikwamacho pamiyendo.

"Mawa uniitanire Mabvuto. Ndibwerera ku Mua, ine, maluwa ndi mphaka. Khoma logwa silinaphepo munthu amene wagona chipinda china."

"Ndi bondo limenelo? Madzi akakutungirani ndani? Mankhwala a BP akakukumbutsani ndani?"

"Zaka zonse zija ku Mua amphaka akhala akubadwa, kukalamba, kufa ndi ukalamba, maluwa ali pomwepo. Palibe adadwalapo. Zayambira m'nyumba mwako muno."

Chakudya chamadzulo anachikana, mankhwala anamwa chifukwa Theresa anawaimirira pamutu. Amawadziwa bambo akewo. Akavala chipewa m'nyumba ndiye kuti nkhani yatha, ndipo akanapitadi, ngakhale pa kabaza.

M'mawa mwake ana atapita kusukulu, Theresa anati ayambe wachotsa cha mawangacho, zinazo aziona pambuyo. Atagwira chitinicho m'milomo china chake chinamubaya chala. Anayamwa chalacho akutukwana chamumtima, n'kuyang'ana. Kanali kachidutswa ka waya kotsalira pa kabowo. Mbali inayo kunalinso kabowo kena, koboola ndi msomali, m'mphepete mwake mwachita dzimbiri.

Anakhala pansi pomwepo, chitini chili pakati pa miyendo.

Mabowo amenewo ankawadziwa. Ena mwa iwo adagwirira yekha chitini pamene ankaboola. Loweruka masana amayi ake akabwera ndi kamtengo kopempha kwa mnzawo wa gulu la Lejiyo kutchalitchi kapena kwa masisiteri, atakakulunga m'tsamba la nthochi, ankayamba akayang'ana nthawi yaitali, kukathyola pang'ono, kuona ngati kakutuluka mkaka, kukanunkhiza. Akatero ankati, "Aka n'kapansi," kapena, "Tenga msomali ndi mwala." Sankafotokoza. AAnjelina sadali munthu wofotokoza zinthu. Mawu amodzi okha ndiwo ankabwereza: "Chimene sindikuchidziwa chipachikidwe."

Ndipo zinkapachikidwadi, pa mtanda wa khonde, pa waya wautali, kutali ndi khoma ndi zenera, pamene palibe choponda. Ntchito yothirira inali ya Theresa. Zapansi zinali zosavuta. Zam'mwambazo ankakwera pa mtondo wovundikira, chikho chili m'manja, madzi akutsikira m'khwapa mpaka m'chiuno, m'mawa wa mu Juni mphepo ikutsika kuphiri. Ankadana nayo ntchito imeneyo. Ankati amayi ake akungotengera masisiteri, kufuna kuti khonde lizioneka ngati la kukonventi. Pansi pa mtondowo nthawi zonse pankakhala mphaka, wina wachikasu, wina wamawanga, agogo ake a agogo ake a Dzungu, akuyang'ana m'mwamba madontho akumugwera pamphuno.

Anadzuka n'kuyamba kuzizunguza chimodzichimodzi. Cha mawanga, mabowo. Choyanga chija cha masamba osalala, mabowo. Alovera, mabowo. Cha masamba oima ngati malupanga, mabowo. Zonsezo anazitulutsa n'kuziika pamwamba pa thandala la mbale. Zinatsala zopanda mabowo: chija cha masamba aatali a mzere woyera chimene chimabereka tiana tolendewera, chimene amayi ake ankachitcha kangaude, china cha masamba ngati nthenga za nkhuku, ndi kakanjedza kakang'ono ka m'chitini cha penti. Anakumbuka kuti kangaudeyo amphaka onse ankamutafuna nsonga, amayi ake n'kumangoti, "Msiyeni, ndi ndiwo zake."

ABartholomeo ankaonerera ali pampando, chipewa chikadali kumutu.

"Mawaya aja adapita kuti?" anafunsa.

"Ndinadula. Ankakola katundu."

"Hmm."

"Musandiyambe, Ababa. Inuyo bwanji simunanene kuti zina n'zopachika?"

"Ine ndinkadziwa kuti n'zopachika. Sindinkadziwa kuti n'chifukwa cha mphaka. Ndinkati ndi zokongoletsa za azimayi."

"Aphunzitsi athunthu."

"Ndinkaphunzitsa masamu, osati maluwa."

Inatsala ndowa ya kakombo. Theresa anaizunguza kawiri. Inalibe bowo la msomali, chogwirira chake chidathyoka kalekale, ndipo ndowa yodzaza dothi chotero sikanapachikika n'komwe. Ndiye kuti inali yapansi. Koma akayesa kukumbuka pamene inkakhala ku Mua, pakhonde kapena pabalaza, sankaiona. Mitengo yake inali itatalika kufika m'chiuno, nsonga zake zitatupa, zobiriwira moyererako, zotsala pang'ono kumasula.

Anajambula zonse ndi foni n'kutumizira Violet, mwana wake woyamba, amene ali kukoleji ku Lilongwe. Analemba kuti: funsa foni yakoyo, ziti zimapweteka mphaka. Yankho linabwera la mawu, phokoso la anzake likumveka kumbuyo.

"Amayi, mwayamba liti kusamala za amphaka? Si inu munkati mphaka ndi msampha wa makoswe woyenda? Chabwino, ndafufuza. Zimene mwatulutsazo n'zoipadi zonse, cha mawangacho chimawotcha m'kamwa. Zitatu zam'nyumbazo zilibe vuto. Koma cha m'ndowacho, Amayi, chotsani lero lomwe. Akuti chimenecho sichiwotcha m'kamwa, chimapha impso. Ngakhale kafumbi kachikasu kaja kakamugwera paubweya iye n'kudzinyambita, basi. Kupachika sikuthandiza, fumbilo limagwa. Mupatseni moni agogo, muwauze avule chipewa, ndamva kale kwa mng'ono wanga Jenifa."

ABartholomeo anamva zonse. Anayang'ana kuzenera.

Theresa anali atagwira foni koma maganizo ake anali pa Pasaka wina, iye ali Sitandade 3, atavala diresi loyera la Ukaristia woyamba. Misa itatha adaona duwa limodzi la kakombo litagwa pansi pafupi ndi guwa. Adalitola n'kuthamanga nalo kunyumba, kuliika m'kapu ya tiyi pakati pa tebulo kuti amayi ake akondwe. AAnjelina atalowa adasiya mtanga pakhomo. Adanyamula mphaka n'kumutsekera m'khitchini, duwalo n'kukaliponya m'chimbudzi, tebulo n'kulipukuta ndi nsanza yonyowa, kubwereza, kubwerezanso. Kenako adamuvula diresi pabwalo pomwepo n'kumukwecha manja ndi sopo mpaka kuwawa, chifukwa zala ndi pachifuwa panali pachikasu. "Kakombo ndi wa m'tchalitchi," adatero. "Salowa muno. Wamva?" Theresa adamva kuti waba za paguwa. Adakalapa kwa abambo mfumu Loweruka lotsatira, ndipo bambo mfumuyo adaseka mpaka kutsokomola kuseri kwa kansalu. Zaka zonsezi ankayesa kuti amayi ake adakwiyira tchimo.

"Ababa, ndowa iyi sinkakhala kunyumba."

"Ayi."

"Inkakhala kuti?"

"Kutchalitchi, kuseri kwa sakristiya, pamthunzi. Kuno kumatentha, kakombo safuna dzuwa la kuno. Chianyezi chake mayi ako adachitenga ku Bembeke tisanakwatirane." Anavula chipewa n'kuchiika pa bondo. "Azimayi a Lejiyo ndiwo adabwera nayo maliro atatha. Adati ikhale chikumbutso changa. AKaterina adaisenza pamutu kuchokera kutchalitchi."

"Ndiye simunkadziwa chifukwa chake sinkabwera kunyumba?"

ABartholomeo anayang'ana ndowayo.

"Ichi chokha ndinkachidziwa. Chaka chathu choyamba, iwe usanabadwe, tinali ndi kamphaka kotipatsa sisiteri wa kukhitchini. Pa Pasaka mayi ako adadzaza nyumba ndi akakombo, pa tebulo, pazenera, ponseponse. Nyumba ya mphunzitsi wachinyamata, mipando iwiri, koma inkanunkhira ngati kumwamba. Sabata isanathe kamphaka kaja kadafa. Kadangosiya kudya, kusanza, basi. Mayi ako adalira ngati wafa ndi munthu, anthu mpaka kumuseka." Anasisita chipewacho. "Chiibweretsereni sinamasulepo. Ndimati ndione kamodzi kokha ikumasula pafupi ndi ine, kenako ndibweze. Ndimati ndizimuyang'anira Dzungu."

"Inu mumagona pampando nthawi ya nkhani za masana. Mungayang'anire mphaka?"

"Sindigona. Ndimapumitsa maso."

 Theresa anali atawaona m'mawa uliwonse akuthirira ndowayo ndi kapu yawo ya tiyi, madzi pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Ankayesa kuti akupemphera korona. Anapita kuseri kwa matumba kukamuona Dzungu. Kutupa kunali kutaphwa, ndipo mphakayo anamuyang'ana ndi diso limodzi ngati wokwiyira sirinji ija. Anamunyamula n'kukamuika pamiyendo pa bambo ake, pamwamba pa chikwama chomwecho.

"Zopachika ndipachika pakhonde, mbuzi sizifikira. Zapansi zikhala muno. Palibe chopita kudzala, palibenso wopita ku Mtakataka. Koma ndowayo siigona m'nyumba muno lero. Ndiitsekera m'bafa lakunja. Loweruka ibwerere kwawo. Mukafuna kuiperekeza, tiyeni. Mukafuna kutsala nayo ku Mua konko m'nyumba yogumuka ija, Dzungu atsala ndi ine, chifukwa sindimupereka kuti akafe. Nenani."

ABartholomeo anamukanda mphakayo kuseri kwa khutu. Dzungu anatseka maso n'kuyamba kulira kwa m'mimba kuja.

"Pa Pasaka udzanditengera ku Mua? Osati kutchalitchi cha kuno. Ku Mua."

"Ndidzakutengerani."

"Misa yoyamba."

"Yachiwiri. Ine ndimaphika."

Anachotsa chikwama pansi pa mphakayo mosamala n'kuchiika pambali pa mpando.

Madzulo a tsiku limenelo Theresa anagula waya kwa wokonza njinga n'kukwera pa mpando pakhonde, chifukwa mtondo alibe, mpunga amakapunthitsa kuchigayo. Anapachika zitini m'mabowo akale omwewo, kutali ndi khoma, kutali ndi zenera. Pothirira madzi anatsikira m'khwapa, ndipo anatukwana mokweza, mayi wa nyumba yoyandikana mpaka kusuzumira. Atatsika bambo ake anamukumbutsa za mbale. Anali ataiwaliratu. Amayi ake ankafesa mpunga wosapuntha m'mbale yobooka n'kuiika pafupi ndi chitseko, kuti mphaka akafuna zobiriwira azitafuna mmera umenewo. Anatapa dzanja limodzi m'thumba la mbewu, n'kufesa m'mbale yakale ya ana.

Loweruka anakwera minibasi, aBartholomeo atafungatira ndowa pamiyendo, nsonga za kakombo zikugunda kudenga.

"Madala, munda wonsewu ukupita kuti?" anafunsa kondakitala. "Kapena mukukafunsira mbeta?"

"Ndidafunsira kale, mwana iwe, usanabadwe. Ndikuperekeza akazi anga kutchalitchi."

Kondakitalayo anayang'ana Theresa, Theresa n'kumuuza kuti ayang'ane kutsogolo. Kuchokera pa siteji kukafika kumishoni anasenza yekha ndowayo pamutu, bambo ake akutsimphina pambuyo. Anapeza aKaterina akusesa kuseri kwa sakristiya. Atamva nkhani yonse anagwira pakamwa.

"Ife tinkati tikuwatonthoza aphunzitsi. Anjelina uja bwanji sankanena zinthu?"

"Funsani ine," anatero Theresa.

Pamene ndowayo inkakhala kale panali pakuonekabe, kabwalo kozungulira pa njerwa. ABartholomeo anaikhazika okha pomwepo, n'kuizunguza pang'ono kuti nsonga ziyang'ane kumene ankafuna.

Pa Pasaka anafika Misa yachiwiri itatsala pang'ono kuyamba. Akakombo anali paguwa, oyera mbee, fungo lawo likufika mpaka kumabenchi a pakati, kupyola fungo la lubani ndi la thukuta. ABartholomeo sanaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe, iwo amene kale ankatsogolera kwaya. Ankangoyang'ana. Anthu atatuluka anapita kutsogolo ndi ndodo yawo, nagwada movutikira, n'kuweramira maluwawo nthawi yaitali. Theresa anawasiya. Anakhala pa benchi ya amayi ake, yachitatu kumanzere, akumva ng'oma za ana panja.

Atatuluka anawayang'ana padzuwa. Pamphuno panali pachikasu, zala zachikasu, ngakhale pa kolala ya jekete.

"Vulani jeketeyo."

"Pagulu pano?"

"Vulani. Ilowa mu jumbo, ndikachapa isanalowe m'nyumba. Tiyeni kumjigo."

Anali atatenga kachidutswa ka sopo m'chikwama chifukwa ankadziwa. Anapempha mayi wina kuti awapopere, nawagwira bambo ake manja onse awiri, n'kuyamba kukwecha pakati pa zala, m'zikhadabo, mpaka m'zigongono.

"Pang'onopang'ono, iwe, khungu ndi lakale ili."

"Weramani. Pamphuno pakadali."

Anawerama.